Mawu Oti Thangata Anatipweteka

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndinali mtsikana pamene tinathawa kwa Apwitikizi n'kufika kuminda ya tiyi ku Thyolo. Kapitawo anati, "Malo alipo, koma kuno kuli thangata."

Bambo ankangodziwa Chilomwe, ndiye anafunsa Mmang'anja wina tanthauzo lake. "Kwathu kuthangata n'kuthandizana kulima," anatero. Bambo anaomba m'manja.

Sitinadziwe kuti mzungu, mwini minda ya tiyiyo, anali atatola mawuwo. Pakamwa pake ankatanthauza ntchito yokakamiza. Mvula itagwa, bambo anatengedwa kukapalira tiyi, munda wathu n'kumera tchire. Chaka chimenecho njala inatenga mng'ono wanga.

Pochokera kumanda, mayi ena achifundo anati, "Pepani bambo, tidzakuthangatani." Bambo anatseka makutu n'kuyamba kulira. Mpaka imfa yawo, sanalolenso munthu kulowa m'munda mwawo ndi khasu.