Thalakitala ya bambo inathawa nane pamtsetse

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine amene ndikulemba pano, pamsika wa pa Boma ankandidziwa kuti sindigonja ponenerera mtengo. Ndinkadzitama kuti ngakhale imfa itandipeza, ndidzakambirana nayo mpaka indichotsereko. Imfayo ndinakumana nayodi masana dzuwa likuswa mtengo, mu 1998, ndili pamwamba pa thalakitala ya malemu bambo anga.

Thalakitala imeneyi bambo anaigula yakale kale kwa mzungu wina wa esiteti amene ankabwerera kwawo. Atamwalira inangokhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando. Amayi ankati sadzafa bwino asanaimvenso ikulira pakhomo. Ndiye ndinaikoketsa kupita kwa Che Saidi, makaniko wa kufupi ndi Nguludi, ndipo patatha miyezi inayi inadzuka, yofiira ngati yatsopano, pulawo yake ili kumbuyo.

Tsiku lokaitenga Che Saidi anandiuza kuti mabuleki atsala, zipangizo zake akazifuna ku Limbe sabata yamawa. Ine m'mutu mwanga ndinati, ehe, njomba zokwezera mtengo zayamba. Ndinawayankha kuti mabuleki ndi a minibasi, thalakitala imayenda ngati nkhono. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, mtsetse sumva Chinyanja." Ndinachoka ndikuseka, ndikuona ngati ndawagwetsa.

Panjira ndinapeza madala ena a ndodo, atavala jekete yong'ambika, akuimitsa. Anati akupita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Ndinayamba kuwauza za kukwera mtengo kwa dizilo, mpaka anandipatsa mzimbe umene ananyamula. Anakhala pambali panga pamwamba pa tayala.

Titafika pamwamba pa chitunda, nzeru zanga za pamsika zinandibwereranso. Ndinachotsa giya kuti itsike yokha, dizilo asathe. Poyamba zinali bwino. Kenako mphepo inayamba kulira m'makutu, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Ndinaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda m'matope. Ndinayesa kubwezera giya, inangokukuta mano n'kukana.

Pamenepo ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, chizindikiro choti patsogolo pali maliro. Paja pamasamba ngakhale wa njinga amatsika n'kumaikankha. Kupitirira masambawo, msewu wonse unali wodzaza: amayi atakhala pansi akuimba, ena ana kumsana, amuna atanyamula bokosi akutuluka nalo m'nyumba. Kumanja kunali chigwembe, kumanzere mpanda wa miyala. Ndinaona bwinobwino kamwana kena kovala malaya achikasu kakusewera pakati penipeni pa msewu.

Abale, ndikuuzeni zoona, ngakhale pemphero langa linayamba ngati malonda. Ndinati Ambuye, ikaima ndipereka tambala kutchalitchi. Sinaime. Ndinakweza kufika pa mbuzi. Inangowonjezera liwiro. Pomaliza ndinalira ngati mwana, ndinati, Ambuye, ndilibe chokupatsani, ingopulumutsani anthu anuwa.

Ndisanatseke pakamwa, madala aja anatambasula ndodo yawo n'kumenya kachitsulo kamene kali pambali pa mpando. "Gwira chiwongolero, mwana iwe!" Pulawo inagwa pansi n'kuluma msewu. Ndinamenyetsa chifuwa pachiwongolero, fumbi linaphimba dzuwa, miyala ikuuluka mbali zonse. Thalakitala inakokota nthaka mtunda wautali, n'kuima matayala akutsogolo ataponda masamba aja. Nyimbo inaduka. Kamwana kaja kanangotiyang'ana chala chili m'kamwa.

Madalawo anatsika pang'onopang'ono, n'kutenganso mzimbe wawo. Anandiuza kuti anayendetsa mathalakitala a mtundu umenewu paesiteti kuyambira ine ndisanabadwe. Munthu amene ndinamulipiritsa ndi amene Mulungu anamukhazika pambali panga.

Anthu a pamaliro sanandimenye, ngakhale ndinayenera. Anandipatsa khasu kuti ndikwirire mizere imene ndinalima mumsewu wawo, ndipo ndinakwirira mpaka onse atabwerako kumanda. Thalakitala inagona pomwepo masiku asanu ndi atatu. Che Saidi anabwera pa njinga ndi zipangizo zawo, ndipo atatchula mtengo ndinangoti zikomo. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati ndikudwala.

Ndinafika nayo kunyumba pa giya yoyamba njira yonse, ana oyenda pansi akundipitirira. Amayi analulutira, anaisisita ngati munthu, kenako anakhala pansi n'kulira. Za pamtsetse ndinawauza patapita chaka.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti maliro amodzi abereke ena chifukwa cha kuchenjera kwanga. Inu amene mukutsetsereka lero, kaya ndi matenda kaya ndi mavuto a m'banja, ndipo mwaponda paliponse koma sizikugwira, musaleke kuitana. Thandizo lanu mwina lakhala kale pambali panu, lavala jekete yong'ambika.

Tambala ndi mbuzi zija ndinakaperekabe, ngakhale Iye sanavomere mtengowo. Ine ndinabwerera ndi moyo wanga ndi wa anthu onse aja popanda kulipira kanthu, koma pakamwa panga pa pamsika panatsekeka mpaka lero. Tsono ndiuzeni inu, pa kunenerera kwa tsiku limenelo anapambana ndani?