Inu Mulibe Ana, Tigwirireniko Shifiti

Zikomo aulutsi pondiwerengera nkhani yangayi. Ndimakhala kunja kuno, ku Wigston, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndi amuna anga takhala zaka zambiri opanda mphatso, ndiye tinayamba chithandizo cha IVF, chija amakumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kuchipatala. Sitinauze munthu. Paja kwathu za mimba sitilengeza.

Kuntchito tilipo Amalawi angapo. Mwana wa wina akadwala, foni imalira kwa ine. "Asisi, inu mulibe ana, tigwirireniko shifiti." Ndikanakana bwanji osaulula? Ndinkangovomera. Jakisoni wa mahomoni ndinkadzibaya m'chimbudzi cha kuntchito, n'kutuluka ndikumwetulira. Mankhwalawo ankandiliza popanda chifukwa, tulo osabwera, mtima uli m'mwamba.

Tsiku lokayezetsa ndinapita ndekha, amuna anga ali kuntchito ku Loughborough. Adokotala anati mazira sanakule bwino, ulendo uno tilekere pomwepa. Ndinawafunsa ngati ndadziwonongera ndekha ndi nkhawa zangazi. Iwo anati, "Musadziimbe mlandu, nkhawa payokha siilepheretsa mankhwalawa. Koma kupatula amuna anu, zimenezi mumakamba ndi ndani?"

Ndili m'basi pobwerera, foni inalira. Anali mnzanga wa kuntchito, akuti mwana wake ali ndi sewero kusukulu. Ndinapukuta misozi, n'kuvomeranso.

Amayi anzanga, musanauze munthu kuti "inu mulibe ana", dziwani kuti enafe anawo tikuwafunafuna ndi misozi, pa shifiti yanu yomweyo.