Chigubu cha mzere wofiira

Omvera anzanga, ndine mtsikana wa ku Madzimoyo. Ku yunivesite, pambali pa maphunziro a uphunzitsi, ndimaphunzirako mmene sayansi ndi zipangizo zamakono zimakhudzira anthu. Patchuthi aphunzitsi anatituma kukaona mmene alimi akwathu amagwiritsira ntchito mankhwala a m'munda.

Ndinayambira pakhomo pathu. Atate ndinawapeza kumunda wa thonje akutakasa mankhwala ndi dzanja, mkono wonse uli m'ndowa. Chapafupi, amayi ankamwetsa thobwa mwana wa achemwali anga wa zaka ziwiri. Chigubu cha thobwacho chinali chakale cha mankhwala, chokhala ndi mzere wofiira, umene m'kalasi anatiuza kuti umasonyeza poizoni woopsa kwambiri.

Ndinalanda chigubucho.

"Tinachitsuka ndi phulusa chimenecho," anatero amayi. "Iwe wakula ukumwera momwemo."

Atate anaseka. "Mankhwala a mzere wofiirawo ndiwo amphamvu, mwanawe. Ndimachita kusankha."

Mwanayo tinakamuyezetsa ku Chipata, ali bwino. Koma chaka chachitatu chino manja a atate akunjenjemera, ndipo kuchipatala akukana kupita. Foni ya kumudzi ikalira, ndimayamba ndafunsa za atate.

Lipoti langa ndinakhoza bwino. Atate mawa akukapoperanso.