Nyumba Yopanda Pogona Mlendo

Puloti yopanikizika: mpanda uku, mpanda uku, kumbuyo zenera la bafa la aneba. Amisiri akumba maziko mawa, ndiye mwini malo waima pa mulu wa mchenga, mayi wojambula mapulani watambasula pepala lake pa wilibala, tepi ili m'khosi.

"Ndikufuna nyumba yamakono," anatero mwini malo. "Magalasi. Masitepe. Koma mlendo asapeze pogona."

"Chipinda cha alendo ndichotse?"

"Chotsani. Madamu anena kale: wachibale wina akangolowanso ndi chikwama, iwo atuluka ndi chawo. Komwe tikuchita lendi tadzaza ngati minibasi. Amalume anabwera kudzazulitsa dzino limodzi. Pano mano onse anatha, iwo akadalipo."

Mayiyo anafufuta chipindacho. "Chachoka. Azigona pabalaza."

"Ayi! Pabalaza asagonepo."

"Ndiye pafupike kuposa munthu. Wamfupi kwambiri pa abale anu ndani?"

"Azakhali."

"Amalekeza pati?"

Mwini malo analoza pachifuwa. Mayiyo anayeza ndi tepi kuchokera pachifuwapo mpaka pansapato.

"Amagona chowongoka kapena chodzipinda?"

"Iii, mayi! Ine ndizikawaonerera azakhali ali mtulo?"

"Tingoti amadzipinda." Anachepetsanso mzere.

Mwini malo anasuzumira papepala. "Nanga kabokosi ka machesika?"

"Balaza lanu."

"Sofa ikhala pati?"

"Sofa ndi bedi, bambo. Anangoisintha dzina."

"Ndati yamakono ine! Balaza lalikulu, loti munthu akalowa azichita manyazi ndi nsapato zake."

"Lalikulu, koma losagoneka."

"Eya! Mwayamba kumva tsopano."

"Pansi pakhale potsetsereka. Akangogona, azigubudukira kukhomo."

"Kunjako kuli msewu."

"Msewu sindinajambule ndine."

Mwini malo anakanda m'mutu, koma sanatsutse. "Kukhitchini nakonso. Mlamu wanga amagona pafupi ndi firiji. Akuti kulira kwake kumamukumbutsa kuntchito."

"Amagwira kuti?"

"Sanagwirepo."

"Khitchini ikhale yolowa cham'mbali, yophika choimirira. Madamu ndi otambalala bwanji?"

"Funso limenelo musalilembe. Komanso simunafunse."

"Bafa losamba chogona lichoke. Tiike shawa."

"Aaa, pamenepo ndiye mwalemba m'madzi. Msuweni wanga amagona choimirira. Anali mlonda."

Mayiyo analuma pensulo. Kuseri kwa mpanda, aneba anatsegula madzi.

"Shawa izidontha."

"Nyumba yatsopano izidontha?"

"Mwadala. Pamutu penipeni."

"Koma zamakono?"

"Zamakono kwambiri. Pansi pa masitepe tithirapo konkire. Denga lafulati ayi, pamenepo pagona mpingo wonse. Galaja ya chiyani? Galimoto muli nayo?"

"Ndidzagula."

"Musagule. Mipando yake imapendekera kumbuyo."

Anafufuta galaja. Mwini malo anaiyang'ana ikupita.

"Ana anga?"

"Mabedi a simenti, omangira kukhoma. Msinkhu wawo wa lero."

"Akakula?"

"Asamuke. Mwana wandevu ndi mlendo."

"Mayi, inu ndinu katswiri," anatero mwini malo. Anatsika pamchenga, nayendera puloti yonse, manja kumbuyo. Sizinatenge nthawi. Atafika pomwe padzakhale chipinda chogona, anaima.

"Taimani kaye. Chitseko ichi chili ndi loko?"

"Wamkati. Munatero nokha, kuti alendo asalowe."

"Madamu akakwiya amakhoma. Ine ndimakagona pa sofa."

"Sofa kulibe."

"Pansi?"

"Mudzuka muli pamsewu."

"Pakhonde?"

"Khonde lathera mumpanda wa aneba."

Mwini malo anatsitsa mawu. "Bwezeretsani kachipinda kamodzi. Kakang'ono. Kobisika kuseri kwa masitepe."

"Kogonamo munthu?"

"Ine ndekha basi."

Mayiyo anavula tepi m'khosi, namuyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anapukusa mutu.

"Ndinu wamtali kuposa azakhali. Akwanamo. Amalume nawonso. Mlamu agona cham'mbali."

"Sadziwa kuti kalipo!"

"Firiji anaidziwa bwanji?"

"Ndiika loko."

"Kiyi asunga ndani?"

Mwini malo anaganiza. "Madamu."

Aneba anatseka madzi.

"Ndiye mayi, tandiuzani bwinobwino. Nyumba yanga. Puloti yanga. Zikavuta ndizigona kuti ine?"

Mayiyo anakulunga pulani, naimanga ndi kalabala, naipereka ndi manja awiri.

"Abale muli nawo ambiri, bambo. Muzingonyamula kachikwama."