A Dunstan Njobvu ndi Makina Amene Sanamve za Maliro

Malemu a Dunstan Njobvu anabadwa mu 1984 ku Kabwata, makolo awo ndi a ku Katete. Sukulu anayambira ku Kabwata komweko, kenako anaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Mu 2012 anamanga banja ndi mayi Petronella, nakhazikika ku Chelstone. Ku mpingo wa Reformed anali a kwaya ya abambo.

Ntchito yawo ndiyo tiifotokoze bwino, chifukwa manong'onong'o tawamva. Ali kunyumba, ankagwirira ntchito kampani yakunja yopanga bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti. Mukadina pafoni, tsamba la pa intaneti limene mukuona limayenera kujambulidwanso, koma nthawi zina kachigawo kamatsala ndi zakale, ngati khoma limene wopenta wasiya pakona. Malemu analangiza kompyuta kuti izisintha tsamba yokha, kulijambula, n'kuyerekeza ndi chithunzi cholondola. Pakasiyana ngakhale kadontho, inkatumiza uthenga ku foni yawo m'dzina lawo. Munthu wosakhulupirira maso ameneyu! Ngakhale malaya ochapa ankawayang'ana kawiri.

Anadwala BP kwa zaka zingapo. Sabata yatha anagwa pabalaza, ndipo anatisiya Lachinayi kuchipatala.

Lachisanu m'mawa foni ya malemu, imene inali kwa mayi Petronella, inalira pasiwa: uthenga wochokera kwa Dunstan Njobvu, woti apeza cholakwika. Loweruka chimodzimodzi. Basi, nkhani inabuka yoti munthu sanafe bwino, akugwiritsidwa ntchito ngati ndondocha, ndipo maso onse anali pa mayi Petronella. Ena anasiya kudya chakudya chimene iwo agwira. Ena anayamba kale kufunsa za nyumba. Zamanyazi, abale, ndipo zatiwawa ife anzawo a kuntchito. Kompyuta ija sinauzidwe kuti mwini wake wamwalira, basi.

Mayi Petronella ankadziwa kuizimitsa, koma mtima sunkalola, poti dzina la amuna awo linkawafikabe m'mawa uliwonse. Dzulo, pamaso pa alamu awo, anaizimitsa ndi dzanja lawo. Lero foni ili zii. Amene mumafuna umboni mwaupeza, ndipo mwawalanda kanthu kamodzi komwe anatsala nako.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Petronella, amene anawasamala mpaka mapeto. Ana awiri, Thandazani ndi Lukonde. Mayi awo owabala. Azichimwene awiri ndi mlongo mmodzi.

Ntchito yawo yatha. Apumule mu mtendere, ndipo wamasiye mumusiye alire mwamuna wake.