Kandulo ya Mayi Profira Inayaka

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 m'mudzi uno, mwana wachitatu wa bambo Toader ndi mayi Ilinca Grosu. Dzina lawo ndi mayi Profira Alistar. Ine ndine Gavril, mwamuna wawo. Bambo wansembe anati mbiriyi awerenge wina, koma muli mawu oyenera kuchoka pakamwa panga.

Sukulu anayambira konkuno, kenako anakaphunzira zosoka mumzinda wa Iași. Tinakwatirana mu 1984, ine ndikuphunzitsa jogalafe. Fakitale ya zovala imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, mu 2003 anapita kunja kwa dziko lino, ku Bologna, kukasamalira okalamba. Anasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake zaka makumi awiri.

Asananyamuke ndinayeza pa mapu ndi rula: makilomita 1,300, pa ndege maola awiri ndi mphindi zochepa. Ndinawauza kuti si kutali. Koma chaka chilichonse ankabwera pa minibasi ya katundu, ulendo wa maola makumi atatu. Ndikadandaula ankandiseka: "Aphunzitsi, ndege yanuyo ingalole zikwama zisanu? Inu khalani ndi rula yanuyo."

Mu Ogasiti chaka chino anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Anatibisira mpaka Okutobala. Ndinapita ku Bologna, ndipo aka kanali koyamba kuti ndikwere ndege. Madokotala anati malemu sangakwerenso ndege. M'chipinda chawo munali makina owathandiza kupuma, choncho moto sunkaloledwa. Imfa sankaiopa. Ankaopa kutsirizika opanda kandulo yoyaka m'manja, monga mwambo wathu umafunira.

"Gavril, nditengeni," anatero. "Agogo atatu a eni ake ndinawagwiritsa kandulo mobisa. Ndiye ineyo ndipite mumdima?"

Tinanyamuka pa 14 Novembala pa minibasi ya bambo Nichifor, malemu atagona pa matiresi pakati pa makatoni. Mawa lake masana, titangopitirira mzinda wa Cluj m'dziko lathu lino, kapumidwe kawo kanasintha. Bambo Nichifor anaimika galimoto pambali pa msewu osafunsa munthu, natulutsa kandulo m'kabokosi ka kutsogolo. Mphepo inazimitsa machesi kawiri. Amayi anayi amene tinakwera nawo anaima pakhomo kutchinga ndi majekete awo.

Ndamva kuti ena akunong'onezana kuti malemu anafera mumdima panjira. Si choncho. Kwathu kuno sanafike ali moyo, zimenezo n'zoona. Koma kandulo inayaka, anaigwira, dzanja langa lili pamwamba pa lawo. Inakhala yoyaka mpaka anatisiya, nthawi itangopitirira 1 koloko, pa 15 Novembala 2023.

Asiya ine, ana awiri, Horia ndi Sanziana, adzukulu atatu, ndi mchemwali wawo mayi Aglaia. Tikuthokoza bambo wansembe, anansi amene anakumba manda, ndi bambo Nichifor. Amayi anayi aja mayina awo sindinafunse. Wowadziwa akatithokozere.

Profira, mayi a ana anga, usani mumtendere, m'kuwala.