Ndinapeza Malo pa Kampani Yosiya Mpata

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Perth ndi inu a kumudzi amene mumawerenga patsamba lino, landirani moni wanga. Ine ndine Yohane, kwathu ndi ku Dedza, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinavulala phewa, ntchito n'kutha, banja langa n'kutsala pang'ono kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Lusoli ndinaliphunzira ku Kanengo, ku Lilongwe. Kuno ndinabwera chifukwa kampani ina ya ku Welshpool, dera la mafakitale kuno ku Perth, yopanga zitsulo za makina a m'migodi, inandilemba ntchito n'kundisainira viza. Choncho kukhala kwathu m'dziko lino, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi Tadala, kunkadalira ntchito imeneyo basi.

Patapita nthawi kampaniyo inagulidwa ndi anthu ena. Eni atsopanowo anali ndi mfundo imodzi, yoti chilichonse chimene sichikubweretsa phindu tsiku lomwelo chichoke. Makina amene tinkasungira padera anagulitsidwa. Zitsulo anasiya kusunga, ankaitanitsa zokwanira ntchito imene ili m'manja yokha. Munthu akapuma pantchito, salembanso wina. Poyamba mabwana ankasekerera pamisonkhano kuti zinthu zikuyenda, koma ife ogwira zitsulo tinkaona zina. Mmodzi akadwala, ntchito yonse inkaima. Makina akafa, kasitomala ankadikira mpaka kutopa. Aliyense wogwira makina amadziwa kuti lamba ukamumangitsa kwambiri sachedwa kuduka, ndipo ife tinali titamangidwa chomwecho.

Loweruka lina ndikupalasa njinga ndi Tadala m'mbali mwa mtsinje, ndinagwa n'kung'amba minofu ya paphewa. Anandichita opaleshoni, ndipo adokotala anati kwa nthawi yaitali ndisanyamule zolemera kapena kugwira ntchito mkono uli m'mwamba. Masiku anga opuma atatha, ndinapita kwa bwana wanga kukapempha kantchito kopepuka kaye. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Yohane, ndiwe mmisiri wabwino. Koma pano aliyense wasenza kale katundu wa anthu awiri. Ndilibe poti ndikuike."

Sindimuda munthu ameneyo, chifukwa ankanena zoona. Pakampani yonseyo panalibe mpando ngakhale umodzi woti wovulala akhalepo mpaka achire.

Lamulo linandipatsa nthawi yoti ndipeze kampani ina yondisainira viza, apo ayi tichoke. Ndinayenda pa sitima ndi pa basi, Welshpool yonse mpaka ku Canning Vale, ndipo kulikonse akamva za phewa nkhope zinkasintha. Mkazi wanga, amene amasamalira okalamba, anawonjezera maola mpaka ankafika kunyumba miyendo itatupa. Tsiku lina Tadala anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati adzamalize sukulu limodzi ndi anzake. Ndinangomuuza kuti adye kaye. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo, ndipo nyimbo zikamaimbidwa pakamwa panga pankangokhala potseka. Mapemphero aatali anandithera. Latsala linali limodzi, loti Ambuye, ndipezereni malo.

Mkazi wanga ndiye sanafooke. Ankanditi, "Bambo a Tadala, amene anatiwolotsa nyanja yonse ija sanagone. Dzukani mukasambe, muyendenso."

Thandizo linadzera kwa munthu amene sindinkacheza naye kwenikweni, a Mwale, mbale wa ku Zambia amene amayendetsa lole yogawa zitsulo m'makampani. Tikutuluka m'tchalitchi anandigwira mkono wabwinowu n'kunena kuti, "Ba Yohane, musavutike maningi. Kuli kakampani kamene nimapelekako nsimbi, izi zitsulo zanu, mwine wake ni mzimai mukulu. Ali na makina yamene yankhala chabe pakona. Yendani mukaonane nao."

Mwini wakeyo anali Mayi Doreen, mayi wamasiye wa imvi, amene ankayendetsa kakampaniko ndi mwana wawo Craig. Nditangolowa ndinaona kusiyana. Zitsulo zinali zodzaza pamashelefu, anthu ankagwira ntchito mosathamangitsidwa, ndipo pakona panalidi makina odula zitsulo motsogozedwa ndi kompyuta, atafunditsidwa lona. Mayiwo anandiuza kuti anawagula pamene ntchito yake inali isanapezeke. Anati mwadala amalemba munthu mmodzi woposa amene akufunikira, ndipo Lachisanu masana amalola anthu kusiya maoda a makasitomala kuti akonze zida ndi kuphunzira zatsopano.

Craig sanabise kuti sakugwirizana nazo. Iye ankafuna makinawo agulitsidwe, ndipo kulemba munthu wa dzanja limodzi ankati n'kutaya chuma. Mayi ake anamuyankha ine ndili pomwepo. "Kampani yopanda mpata imangodziwa kuchita zimene ikuchita kale. Chatsopano chikagogoda pakhomo, imasowa manja ochilandirira." Kenako anatembenukira kwa ine. "Makinawa safuna phewa, amafuna munthu wodziwa chitsulo. Kodi uli wokonzeka kuphunzira?"

Ndinavomera. Mapepala a viza anatenga nthawi ndipo mtima sunakhale m'malo mpaka atatuluka, koma anatuluka.

Musaganize kuti zonse zinangoyera tsiku limodzi. Ine ndi kompyuta tinali alendo. Ndinawononga zitsulo zambiri, ndipo chinandipulumutsa n'choti panali zidutswa zotsala zoti ndiphunzirirepo. Wondiphunzitsa anali Craig yemweyo. Ankandiuza mosapsatira kuti zimene ndikupanga sizikufika pa malipiro anga, komabe Lachisanu lililonse ankakoka mpando n'kukhala pambali panga. Miyezi imeneyo ndinali munthu wodya zimene sanalime, ndipo ndinkadziwa.

Itafika nyengo yokolola tirigu, kunabwera mlimi wochokera kutali kuminda, atanyamula chitsulo chothyoka cha makina ake okololera. Anali atazungulira makampani akuluakulu, ndipo onse anamuuza kuti maoda adzaza, adikire milungu ingapo. Tirigu wouma sadikira munthu. Ife tinali ndi chitsulo pashelefu, makina opanda ntchito zowadikirira pamzere, ndi munthu wopanda oda yomupanikiza, amene ndi ine. Ndinayeza chothyokacho, Craig anandithandiza kuchijambula pakompyuta, ndipo mlimiyo ananyamuka tsiku lomwelo dzuwa likadalipo.

Alimi amauzana. Anabwera wina, kenako wina, ndipo chaka chotsatira lona lija silinabwererenso pamakina. Maoda a m'migodi atachepa, makampani ambiri otizungulira anayamba kuchotsa anthu, kuphatikizapo kumene ndinkagwira kale. Sindikondwera nazo, chifukwa kumeneko kunali anzanga a mabanja. Koma pakampani yathu palibe amene anachotsedwa, popeza ntchito ya alimi inatinyamula. Mayi Doreen sankadziwa kuti kudzabwera mlimi, ndipo ine sankandidziwa n'komwe pamene ankagula makinawo. Iwo anangosiya mpata, Mulungu n'kuika ine ndi banja langa mmenemo.

Ndinenenso kuti Craig sankalakwa pa zonse. Panali lole yakale imene inkangodya ndalama za inshuwalansi osayenda, ndipo pamapeto pake mayi ake anavomera kuti igulitsidwe. Panalinso mnzathu wina amene nthawi yophunzira ija ankaisandutsa yocheza pafoni, mpaka anamuitana n'kumulankhula. Mpata wosayang'aniridwa umabereka ulesi. Mpaka lero mayi ndi mwana amakanganabe kuti asunge zochuluka bwanji, ndipo ndaona kuti mkangano umenewo ndi umene umaimika kampaniyo bwino.

Phewa langa linachira, ngakhale kukazizira limandikumbutsa. Tsopano tili ndi chilolezo chokhala kuno mokhazikika, ndipo Tadala akupitiriza sukulu ndi anzake aja. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la munthu wotopa. Ndikuthokoza mkazi wanga, a Mwale, ndi onse amene munkatibweretsera chakudya osafunsa mafunso ambiri.

Kwa inu amene lero mukugogoda zitseko zosatseguka, musasiye kupemphera ngakhale mawu atatsala awiri okha. Dzukani, sambani, yendaninso. Malo anu mwina anakonzedwa kale ndi munthu amene sakudziwani.

Ndipo kwa inu abale amene mwatsegula mabizinesi kuno, ena osamalira odwala m'makomo, ena oyeretsa maofesi, ena a malole, ndikudziwa kuti zinthu n'zodula ndipo mtima umafuna kufinya chilichonse mpaka dontho lomaliza. Yang'anirani chuma chanu, inde, koma musamete mpaka kuwonekera fupa. Siyani munthu mmodzi woti mnzake akadwala agwirepo, siyani kanthawi koti wina aphunzire. Tsiku lina mudzapulumukirapo inu eni. Ndipo n'kutheka kuti penapake mumzinda muno pali bambo amene wagwada pansi mmawa uno, ndipo yankho la pemphero lake ndi mpando umene inu mukuganiza zouchotsa.

Ambuye akusungeni nonse.